Tchuthi cha nyengo yozizira kwathu ku Dedza ndi ku Ntcheu: mukagona kuti?

Ife a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene tikukhala ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni tinazolowera kukumbuka kumudzi Disembala akafika. Khirisimasi, chaka chatsopano, mpunga wa nkhuku, kenako kubwerera ku ntchito m'thumba muli mbee. Sindikunyoza ayi, koma amene mumapita mu Disembala mukudziwa zimene mumakapeza. Anthu amalawirira kumunda kukapalira ndi kubandira, amabwerako ali wefuwefu, msewu wolowera kumudzi uli matope okhaokha, ndipo chimanga cha chaka chatha chikupita kumapeto. Nkhani iliyonse imakathera pa feteleza. Nkhuku amakupheranibe, koma mumaidya mukudziwa kuti ndi yomwe ikanagulitsidwa kuti mwana apeze fizi mu Januwale.

Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ina. Anthu akolola, chimanga chili m'nkhokwe kapena achitonola n'kuchiika m'matumba, mbatata ikukumbidwa, mtedza uli padzuwa. Ntchito yaikulu imene yatsala ndi ya kudimba, ndipo siimanga munthu tsiku lonse. Amayi anu amatha kukhala nanu pamkeka m'mawa wonse osayang'ana kumwamba kuti mvula ibwera liti. Kwa munthu amene akufuna kucheza ndi abale, osati kungokaonekera, nyengo ndi imeneyi.

Vuto lake ndi kuzizira. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, tawuni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Mu Juni ndi mu Julayi usiku kumatha kuzizira mpaka pansi pa madigiri 10. Ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano, m'mawa nkhungu imaphimba msewu, madzi ogonera mu ndowa sungawakhudze kawiri, ndipo mudzi wonse umasamukira kuseri kwa nyumba kumene dzuwa likuyambira kuwomba. Ana milomo imang'ambika, miyendo kutuwa. Dzuwa nalo limalowa msanga; ikamakwana 6 koloko kwada kale. Si Dedza yense kapena Ntcheu yense amene ali choncho. A ku Mtakataka, ku Golomoti ndi m'chigwa cha Bwanje akhoza kuseka nkhaniyi, chifukwa kwawoko juzi imodzi imakwana, kungoti neti ya udzudzu asaiwale. Koma kwa ife a kumtunda, kuzizira ndi mdima wofulumirawo zimapangitsa funso looneka laling'ono kukhala lalikulu: mukagona kuti? Kumene mwagona n'kumene kumagamula amene mucheze naye madzulo, amene adandaule kuti simunamuone, ndi ndalama zimene muwononge.

Tiyambe ndi mwezi, mwachidule. Ngati muli ndi ana a sukulu kuno ku Malawi, mulibe chosankha kwenikweni: teremu yachitatu imatha chakumapeto kwa Julayi, ndipo tchuthi chachitali chimafika mu Seputembala. A ku Joni tchuthi cha ana awo chimagwa kumapeto kwa Juni kulowa mu Julayi, pakatikati penipeni pa chisanu. Amene alibe ana a sukulu ndipo kuntchito savomera masiku ambiri amalumikiza holide ya pa 6 Julayi ndi Loweruka ndi Lamlungu. Ineyo ndimakonda Ogasiti. Kuzizira kwayamba kuchepa ngakhale mphepo ndi fumbi zachuluka, ndipo ndi nthawi ya zinkhoswe, maukwati ndi ziliza, pamene abale amene simukanawapeza ngakhale mutayenda sabata yonse amasonkhana okha pabwalo limodzi. Kumidzi ya Achewa gule amatuluka kawirikawiri miyezi imeneyi. Kwa Angoni, Umhlangano wa a Maseko umachitikira ku Nkolimbo ku Ntcheu nyengo yozizira ikamatha, pamalo pamene amakumbukira Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Tsiku lake limalengezedwa chaka ndi chaka, ndiye funsani kwanu musanapemphe tchuthi.

Kugona pakhomo pa makolo

Iyi ndi njira imene aliyense kumudzi akuyembekezera, ndipo palibe amene angakufunseni chifukwa chake. Zabwino zake sizigulidwa. Nkhani zenizeni za pabanja sizikambidwa masana alendo ali piringupiringu. Zimatuluka usiku kukhitchini, mbatata ili m'phulusa, ana atagona. Ndi pamene amayi amatchula kuti malire a munda wa kudambo aja malume anu akuwasuntha, kuti mlongo wanu banja silikuyenda, kuti bondo lija lakula ndipo kuchipatala anawauza kuti abwerenso koma sanapite. Munthu wogona kuboma zimenezi sazimva. Amamva kuti "tonse tili bwino, kaya inu kumeneko," n'kubwerera ndi mtima woyera.

Koma tinene zoona pa mtolo wake, chifukwa amene amausenza si inu. Madzi otentha osamba amene mumawapeza kubafa m'mawa, wina anadzuka kukadali mdima kukawatunga pa mjigo, wina anathyola nkhuni, ndipo nkhuni ku Dedza masiku ano si zotola kuseri kwa nyumba. Mukabwera ndi banja la anthu asanu, ndiye kuti ndowa zisanu m'mawa uliwonse. Kawirikawiri ndi mlongo wanu kapena mlamu wanu amene amavutika, ndipo sangakuuzeni. Zofunda nazo n'chimodzimodzi. Pakhomo pali mabulangete owerengeka, ndipo mlendo akafika amapatsidwa abwino, ana a pakhomopo n'kuunjikana pa limodzi. Choncho wosankha njira iyi anyamule zofunda zake, ndipo pochoka azisiye. Agule mtolo wa nkhuni tsiku lofika, asadikire kupemphedwa. Ana ake akuluakulu atenge ndowa apite nawo ku mjigo.

Pali china chimene sindingachidumphe. Kukazizira kwambiri anthu amalowetsa mbaula ya makala kuchipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, mwina mpaka kutsekera nsanza pansi pa chitseko. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Munthu amangomva mutu kuwawa ndi tulo tambiri, ndipo ena sadzukanso. Otherani mbaula pabalaza zenera lili lotsegula, ndipo ikafika nthawi yogona itulutseni panja. Agogo akakana, limbanani nawo ndithu. Pa ichi chokha musachite ulemu.

Ndiye pali nkhani ya malo. Mwa chikhalidwe chathu munthu wamkulu, makamaka wapabanja, sagona m'nyumba imodzi ndi makolo ake. Anyamata anali ndi mphala kapena gowelo lawo, atsikana ankagona kwa agogo. Masiku ano nyumba za njerwa za zipinda zitatu zasintha zinthu m'mabanja ambiri, koma osati onse, ndipo kwa mkamwini nkhaniyi ikadali yolemera. Mwamuna amene wapita kwa akazi ake amakhala womangika sabata yonse. Sangatambalale pamene pali apongozi, sangadzuke mochedwa, sangabwere usiku akununkha mowa. Mkazi amene wapita kwa amuna ake tchuthi chake chimathera pamafuwa. Mabanja amene onse awiri kwawo ndi kufupi, mwachitsanzo wina wa ku Linthipe wina wa ku Mayani, ambiri amagawana: tsiku loyamba amafikira limodzi kukapereka moni mbali zonse, kenako aliyense akagona kwawo, ana n'kumasinthana. Anthu ena amaziona zachilendo, koma aliyense amapuma.

Chimene njira iyi imakulandani ndi anzanu. Mukagona kwa makolo, masiku oyamba si anu. M'mawa anthu amabwera kudzakulonjerani mmodzimmodzi, ndipo simungachoke wina ali pampando. Muyenera kukaonekera kwa amfumu. Koposa zonse muyenera kukapepesa maliro onse amene anachitika inu kulibe, khomo ndi khomo, ndipo mukadumpha khomo limodzi nkhani yake idzakupezani m'tawuni. Pa khomo lililonse mukhala pansi, mumva mmene matenda anayambira, musiya kangachepe. Izi zokha zikhoza kudya masiku awiri. Madzulo mukati mutuluke mukaone mnzanu wa ku pulayimale, amayi amati, "Bambo, kunja kwada kale, ndiye ndi mphepo imeneyi? Nsima ikupsatu." Mumakhala pansi. Tsiku lobwerera limakwana mnzanuyo mutangomuimika dzanja pa njinga.

Kugona kuboma

Pa boma la Dedza ndi la Ntcheu pali malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, kuyambira maresitihausi a pafupi ndi depoti mpaka malo ngati Dedza Pottery amene alendo akunja amakonda. Madzi otentha, magetsi otchajira foni, netiweki yogwira, bedi loti ana a m'tawuni sadandaula. Kwa munthu amene ali ndi mwana wa chifuwa cha mphumu, kapena khanda, kapena amene akuyenera kumatsegula kompyuta ya kuntchito ngakhale ali pa tchuthi, njira iyi ndi yanzeru, ndipo asachite nayo manyazi. Ndi yabwinonso kwa amene makolo ake onse anatisiya ndipo pamudzi patsala azakhali ndi asuweni amene ali ndi mabanja awo odzaza kale nyumba.

Kwa anzanu, kuboma n'kumene zinthu zimayenda. Ambiri mwa amene munaphunzira nawo, kaya ku Box 48 (Dedza Secondary), ku Umbwi kapena ku Ntcheu Secondary, amene sanapite m'mizinda ikuluikulu ali pompo: wina ndi mphunzitsi, wina ali ndi okala mumsika, wina akuyendetsa minibasi. Amaweruka madzulo, ndipo madzulowo inu muli omasuka.

Mtengo wake uli pawiri. Woyamba ndi wa ndalama, ndipo anthu amawerengera chipinda chokha n'kuiwala kabaza. Ngati kwanu ndi makilomita 15 kapena 20 kuchoka pa tala, njinga yamoto kupita ndi kubwera tsiku lililonse, banja lonse, ikhoza kuposa mtengo wa chipindacho. Onjezani kuzizira kwa pa njinga m'mawa ndi fumbi la mu Ogasiti, ndiponso kuti muyenera kunyamuka kumudzi dzuwa lisanalowe, nthawi yomwe macheza akuyamba kukoma. Mtengo wachiwiri ndi wa pakamwa pa anthu. "Afika Lachisanu koma akugona ku loji." Chiganizo chimenechi chimayenda mudzi wonse, ndipo amene chimawapweteka ndi amayi anu, chifukwa anzawo kumjigo amachimva ngati kuti mwana wawo akunyansidwa ndi nyumba imene anakuliramo.

Ululu umenewu umachepa ngati mwanena nokha, msanga, ndi chifukwa chomveka. Imbani foni sabata isanakwane: "Amayi, tikubwera Lachisanu. Wamng'onoyu chifuwa chija sichinathe, ndiye iye ndi amayi ake azikagona kuboma. Ine ndi akuluakuluwa tigona pakhomo pompo." Mukatero mwawapatsa choyankha akafunsidwa. Chimene sichikhululukidwa ndi kufika, kudya nkhuku, kenako n'kuimirira madzulo kuti "ife tikagona kutawuni," chipinda atachisesa kale ndi kuchizira.

Kugona kwa mnzanu

Apa sinditalikitsa. Usiku umodzi ndi wabwino, makamaka ngati mnzanuyo amakhala pamsewu ndipo basi yanu yafika usiku kapena inyamuka m'bandakucha. Kupitirira apo mukuitana mavuto. Kwa abale anu, loji amatha kuimvetsa kuti ndi nkhani ya madzi otentha, koma kugona pakhomo pa munthu wina m'dera lomwelo kumatanthauza kuti mwasankha banja lina. Ndipo mnzanuyo, amene akukukakamizani ndi mtima wonse kuti "amwene, musapite, malo alipo," si amene adzuke kukuwiritsirani madzi. Ndi akazi ake, amene mwina sakukudziwani n'komwe. Mlendo ndi mame, ndipo pakhomo pa mnzanu mwambiwu muutsate ndithu.

Kumanga yanu

Aliyense amene wagonapo pamphasa ya m'gowelo mu Julayi ali ndi zaka 40 amabwerera m'tawuni ndi maganizo omanga. Ndipo miyezi yomweyi ndi imene anthu amaumba njerwa, ndiye tchuthi chimasanduka chokayang'anira amisiri. Pa mapepala njira iyi imathetsa zonse: muli pamudzi, mumadya nsima ya amayi, mumamva nkhani za usiku, koma muli ndi chitseko chanu choti mnzanu akhoza kugogoda 8 koloko usiku popanda kudzutsa nkhalamba. Kwa amene amapita kwawo kawiri kapena katatu pa chaka, ndimavomereza kuti palibe yoposa iyi.

Koma nyumba yogonamo sabata imodzi pa chaka siikhala yabwino yokha. Chiswe chimalowa, mileme imamanga kudenga, malata amayamba kusowa limodzilimodzi. Mukaikamo m'bale kuti azisamala, pakatha zaka zitatu ndi kwawo, ali ndi ana atatu, ndipo inu mukafika ndinu mlendo m'nyumba yanu yomwe. Funso lina lovuta ndi la malo. M'midzi yambiri ya ku Dedza ndi mbali zambiri za Ntcheu malo amatsata kuchikazi. Mwamuna akamanga kwa akazi ake, adziwe kuti banja likadzatha kapena mkazi akadzatsogola, nyumbayo sadzainyamula. Akamanga kwa amayi ake, ana ake omwe akhoza kudzauzidwa ndi asuweni awo kuti kwanu si kuno. Si mabanja onse amene amachita zimenezi, ndipo malamulo a dziko amateteza mkazi ndi ana pa chuma cha masiye, koma milandu ya mtundu umenewu amfumu amaiweruza chaka ndi chaka. Musanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, khalani pansi ndi amalume ndi amfumu, pakhale mboni, ndipo zolembedwa zikhalepo. Ambiri amene ndawaona atapeza mtendere anachita chinthu chaching'ono: anawonjezera chipinda chimodzi chokhala ndi khomo lakunja pa nyumba ya makolo, kapena anamanga kanyumba ka chipinda ndi pabalaza pambali pake, kamene amayi amasungiramo matumba a chimanga inu kulibe. Chimanga chimapangitsa kuti chitseko chizitsegulidwa sabata iliyonse.

Ena amati, bwanji osangowatumizira makolo thiransipoti abwere m'tawuni kukufunda? Mukhoza kuyesa. Munthu wamkulu amene wangokolola sasiya chimanga chake, mbuzi zake ndi dimba lake kuti akakhale pa sofa kuonera TV. Akabwera, tsiku lachitatu ayamba kufunsa za basi. Ndipo azakhali, manda a agogo ndi anzanu aja onse atsala komweko.

Anzanu mukakumana nawo kuti

Tinene kuti za kogona mwathana nazo. Anzanu akale safuna masiku ambiri, amafuna tsiku lawolawo, lodziwika, limene mwaliteteza kwa abale. Mukanena kuti "tionana ndikafika," simuonana.

Malo amene amabwera msanga m'mutu mwa amuna ndi ku bala. Ubwino wake ndi woti safuna kukonzekera. Kuipa kwake wobwera kuchokera m'tawuni amakudziwa: mumapangana anthu atatu, pofika 7 koloko tebulo lili ndi anthu khumi ndi awiri, ena simukuwakumbuka, onse akukutchulani "bwana," ndipo bilu ndi yanu. Mnzanu weniweni uja, amene munkagawana naye chigumu pa buleki, wangokhala pakona phee, chifukwa nkhani zimene amafuna kukuuzani si zokamba pagulu. Ngati ndi mowa, ndi bwino kugula zochepa n'kukakhala pakhonde pake, kapena kupita kumene kwaphikidwa masese masana n'kubwerako kusanade.

Mpira ndi wabwino kuposa bala. Nyengo imeneyi mabwalo a m'midzi auma ndipo Loweruka ndi Lamlungu masana pamakhala masewero. Dedza Dynamos ikakhala ikusewera pakhomo, ndi chifukwa chokwanira chosonkhanitsira gulu la kusukulu. Mumakhala limodzi maola awiri, mumaseka, palibe amene akuyang'ana m'thumba mwa mnzake. Bawo pansi pa mtengo pa sitolo nayo imagwira ntchito yomweyo.

Kwa azimayi nkhani ndi ina. Anzanu a utsikana ambiri ali pabanja, ali ndi ana ndi madimba, ndipo sangachoke pakhomo madzulo. Mukawapeza ku tchalitchi Lamlungu, ku mvano pakati pa sabata, ku banki m'khonde, kuchigayo kapena tsiku la msika. Njira yabwino ndi kupita kwawo masana ndi paketi ya shuga, n'kukhala nawo pamene akugwira ntchito. Mukatenga chitsononkho n'kuyamba kutonola nawo chimanga, nkhani zimabwera zokha, ndipo manyazi oti wina ali m'tawuni wina ali kumudzi amatha msanga kuposa mukanawaitanira ku lesitilanti kuboma.

Njira imene ndimaikonda, ngati pali galimoto kapena mungasonkherane, ndi kutuluka limodzi tsiku lathunthu. N'zodabwitsa kuti ambiri tinakulira pansi pa mapiri a Chongoni koma zojambula za m'mapanga sitinazionepo, pamene UNESCO inaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo pali malo 127 a zojambulazi. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule. Ku Mphunzi ndi ku Chencherere kumafikika, ndipo kukwera phiri kukuzizira n'kosavuta kusiyana ndi mu Okutobala. Ofuna kuthawa chisanu atsike msewu wokhotakhota wa ku Golomoti apite ku Mua, kumene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni mu 1902 ndipo Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976. Mukatsika phiri lija majuzi onse amavulidwa. Ulendo wotere uli ndi ubwino wina: kunyumba umamveka. "Mawa tikupita ku Mua ndi anzanga a kusukulu" amayi amavomera mosavuta kuposa "ndikupita kuboma, ndibwera."

Za ulendo ndi katundu

Msewu ndi umodzi, M1. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo a ku Blantyre amayamba kufika ku Ntcheu. Basi yaikulu ndi yabwino kwa amene akutsikira pa boma ndipo ali ndi ana. Minibasi imakutsitsani pa siteji ya kwanu penipeni, kaya pa Chimbiya, pa Bembeke, pa Mlangeni kapena pa Kampepuza, koma imaima paliponse, ndiye nyamukani m'mawa kuti kabaza mukamupeze kukuwala. Galimoto yanu imakupatsani ufulu, komanso dziwani kuti ikangoima pakhomo yasanduka ya mudzi: ya odwala, ya kuchigayo, ya kuchinkhoswe. Ikani mafuta a zimenezo mu bajeti, ndipo nthawi imene mafuta akusowa musalowe kumudzi thanki ili pansi poganiza kuti mukathira kuboma.

Pa funso loti ndalama kapena katundu, nyengo ino ndimati katundu, koma wosankha. Shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira mukhoza kugula pa boma, musavutike nazo m'basi. Chochokera m'tawuni chikhale mabulangete, majuzi ndi zipewa za pa kaunjika za ana ndi nkhalamba, ndi mafuta odzola. Chinthu chimene ambiri sitiganizira ndi chosungira chimanga: mankhwala othira ngati Actellic, kapena matumba a PICS amene salowa mpweya ndipo anankafumbwe amafera momwemo. Miyezi imeneyi chimanga chimakhala chotsika mtengo, mavenda ali ndi masikelo awo pa sitolo iliyonse, ndipo makolo amagulitsa kuti apeze ya sopo, n'kudzagula chomwecho mu Januwale pa mtengo wokwera kwambiri. Ngati muli ndi ndalama yoti muwasiyire, njira ina ndi kuwagula matumba angapo pa mtengo wabwino n'kuwauza kuti akusungireni. Onse mukudziwa kuti simudzabwera kudzatenga. Ya feteleza musasiye mu Julayi, idzathera maliro ndi zinkhoswe. Mudzatumize pa Airtel Money kapena pa Mpamba mvula ikamayandikira.

Ndiye ine ndingasankhe chiyani? Kwa munthu wa sabata imodzi amene makolo ake alipo: masiku oyamba onse pakhomo, zofunda zanu, nkhuni zanu, maliro onse mupepese, amfumu muwaone, ndipo anzanu muwauze kuti asakuyembekezereni. Tsiku la anzanu likhale chakumapeto, mulinene kwa amayi pofika pomwe kuti asaphe nkhuku tsiku limenelo. Usiku womaliza wokha ndi umene mungagone kuboma kapena kwa mnzanu wa pamsewu, ndipo chifukwa chake palibe angatsutse: basi ya m'mawa. Wa masiku atatu okha asadzinamize kuti akwanitsa zonse. Apite kwa makolo, anzake awaitanire pakhomo pomwepo masana a Lamlungu, thobwa likhalepo. Wa khanda kapena wodwala agone kuboma kuyambira tsiku loyamba, koma chakudya chamasana azidya kumudzi tsiku lililonse.

Kutsanzika kuchitike madzulo a dzulo lake, khomo ndi khomo ngati mmene munalonjerera, chifukwa m'mawa wa ulendo simudzapeza nthawi. Adzakupatsani zambiri kuposa zimene mungathe kunyamula: ufa, nyemba, mtedza, mbatata, mwina nkhuku yamoyo yomangidwa miyendo. Landirani, kukana n'kulakwa. Mbatatesi, kabichi, anyezi ndi tomato mukagule pa Lizulu kapena pa Bembeke ngati kwanu salima, ndipo musatenge thumba loyamba limene akuonetsani pawindo. Tsikani muone za pansi pake. Thumba la makala lokha, ngakhale amalume akukakamizeni bwanji, lisiyeni. Makala opanda chilolezo ndi oletsedwa ndi lamulo la za nkhalango, ndipo pa rodibuloko akawapeza, amawalanda ndipo mukhoza kuyankha mlandu.